Udzu wa m'nkhuti

Magazini ija anandibweretsera ndi mwana wa mlongo wanga, amene amachapa zofunda pa loji ina ku Kande. Mlendo wina anaisiya m'chipinda. Chingerezi changa ndi chotola, ndimachiwerenga ndi chala, choncho ndinathamangira zithunzi. China chinali cha dzenje lakuda la mgodi wa malasha, china cha dambo lobiriwira, ng'ombe zikudya, agwape ali chapatali. Lamulungu potuluka m'tchalitchi ku Bandawe ndinaonetsa amuna anzanga, ndikupukusa mutu ngati mlaliki, kuti taonani dziko lokongola mmene analiwonongera. Mwana wa mlongo wanga uja, amene amanditcha asibweni monga tinenera amalume kuno, ataimva nkhaniyi anaseka mpaka kukhala pansi.

"Asibweni, mwayambira kumapeto. Dzenjelo ndiye lakale, udzuwo ndi wa lero."

Sindinaganizepo kuti malo angayende choncho. Kwathu kuno ndinangoonapo udzu ukusanduka dzenje.

Dzenje langa linali kuseri kwa nyumba. Si la malasha, ndi nkhuti imene anasiya oumba njerwa malemu mkulu wanga atawalola kukumba, nthawi imene maloji ankamangidwa. Kale pamenepo mbuzi zathu zinkadya, m'mawa nkhwali zikulira m'tchire la m'mbali. Mitengo inapita yootchera njerwa zomwezo. Ine ndinatsala ndi mbuzi zowerengeka zopanda podya, ndipo zikadula chingwe zinkalowa m'chinangwa cha mnansi wanga, bambo wofatsa amene kufatsa kwake kunali kutatsala pang'ono kutha. Anali atandiuza kale kuti zikalowanso tikakambirana kubwalo la amfumu.

Ndinawerenga nkhani yonse, mawu ovuta ndikuwalumpha ngati matope. Ndinamva kuti anzathu a mgodiwo amakwirira dzenje, kenako n'kubwezera pamwamba dothi lachonde limene anasunga pambali asanayambe kukumba. Pamenepo ndinaima. Lathu palibe anasunga. Komabe ndinabwereka wilibala, ndinatuta zitosi za m'khola, makoko a chinangwa, phulusa, zinyalala za pamsika. Ndinabzala nsenjere ndi kapinga. Anthu odutsa ankandifunsa ngati ndikukwirira chuma, ine ndinkayankha kuti ndikutsatira buku.

Mvula yoyamba udzu unaphuka ndithu. Tsiku lina ndinaona mapazi a nkhanga pamatope, ndipo ndinawayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu wamkulu ayenera kuyang'anira mapazi a mbalame. Kenako inabwera mvula yeniyeni ya kuno, yosadziwa kuleka. Madzi anadzaza nkhuti, manyowa anga anayandama n'kutsetserekera kumsewu. Nyama zimene zinabwerera ndi achule ndi udzudzu. Kamwana ka mbuzi kanaterereka pa katondo n'kumira, ndinakavuula ndi khasu.

Pofika chilimwe pansi panauma gwa, pofiira ngati njerwa yomwe. Mbuzi zinadulanso chingwe. Sindinadikire kuitanidwa, ndinatuma mawu kwa wogula nyama, anabwera ndi njinga yamoto n'kuzimanga miyendo. Magazini ndinaisunga, ndimaitsegulabe nthawi zina, tsopano moyambira koyenera.

Madzulo ake mnansi uja anandipeza nditakhala pakhomo la khola lopanda kanthu. Anandipatsa moni mwaulemu, anafunsa za msana wanga, kenako anayang'ana kumunda kwake.

"Ada, musadabwe mukaona anyamata a zikombole za njerwa sabata yamawa. Ndawalola akumbe mbali yanga, chinangwa sichikubalanso. Ndati ndikuuzeni ndekha, poti inu mumakonda udzu."