Vani Yopendekera Kumanzere

A Dontho anayendetsa vani ya kampani ya sopo zaka khumi ndi zinayi. Dzinalo anawapatsa ndi madalaivala anzawo, chifukwa bamboyu dontho la mafuta ankaliona ngati magazi ake. M'mawa uliwonse ankayeza mpweya m'matayala onse anayi asanalize galimoto. Akaona maloboti patali ankachotseratu phazi, vani n'kumayenda yokha mpaka kukaima. Potsitsa makatoni injini inkakhala itazimitsidwa, ndipo m'galimotomo simunkapezeka ngakhale botolo lopanda kanthu. "Pang'ono pang'ono ndi mtolo," ankatero, anzawo n'kumawaseka kuti tsiku lina adzavula nsapato kuti vani ipepuke.

Lamulo lawo lalikulu linali lakuti galimoto sidzukira chinthu chimodzi. Njira za sabata yonse ankazikonzeratu pakapepala. Ndiye Lachiwiri lina akazi awo anawaitana ali chikhalire pabalaza.

"Abambo, pamtima pakundithina. Tandiperekezani kuchipatala."

A Dontho anatulutsa kapepala kaja. "Lachinayi ndikudutsa komweko, mayi. Tapirirani pang'ono, ndidzakutsitsani pageti penipeni."

Sanali munthu wankhanza, ayi. Anakagula mapiritsi pagolosale, nawafunditsa bulangete kumiyendo. Koma zengerezu adalinda kwawukwawu. Lachitatu masana mayiwo anatsirizikira pampando wa pabalaza pomwepo, wailesi ikulira.

Maliro atatha a Dontho anabwerera kuntchito, ndipo vani inayamba kumwa mafuta. Thanki imene inkawafikitsa Loweruka inkauma Lachisanu m'mawa. Makaniko anasintha mafiluta, anaona ngati mabuleki akugwira okha, anagona pansi kufunafuna pothonya. Sanapeze kanthu.

"Galimoto ilibe vuto, achimwene," anatero makaniko uja akupukuta manja. "Kungoti yapendekera kumanzere. Mwaika chiyani pampando uwo?"

Pampando wa pambali pa dalaivala panalibe kanthu. Koma siponji yake inali italowa pansi, monga imachitira pakakhala munthu. A Dontho anapita pasikelo ya magalimoto vani ili yopanda katundu, ndipo inalemera makilogalamu makumi asanu ndi limodzi kuposa kale. Sanauze munthu. Nanga ukanayambira pati?

Bwana wa kampani sankadziwa zonsezi, ankangoona mafuta akutha. "Inu ndinkakudalirani," anatero. "Ngati mwayamba kuyamwa mafuta ndi paipi ngati enawa, nenani. Mwezi ukatha zili chomwechi, mundisiyire makiyi."

Mawu amenewa anawapweteka kwambiri. Ntchito inali pafupi kutha, ndiponso inkatha ndi mbiri ya kuba, kwa munthu amene sanasocheretsepo lita imodzi. Komabe chimene chinkawaopsa koposa chinali chiwongolero. Lachinayi lililonse akafika pamphambano yolowera kuchipatala, chinkakokera kumanzere, iwo n'kulimbana nacho ndi manja awiri mpaka kudutsa, thukuta lili kamukamu.

Lachinayi lomaliza la mweziwo, dzuwa lili paliwombo, anachileka chiwongolero chija. Vani inakhota bwinobwino, yodzaza sopo, n'kukaima pageti la chipatala. A Dontho anatsika, anazungulira kutsogolo, natsegula chitseko cha kumanzere.

"Tafika, mayi," anatero motsitsa mawu. "Pepani, ndachedwa."

Kwa kanthawi panalibe chochitika. Kenako zitsulo za pansi zinalira pang'ono, mbali ya kumanzere inakwera, siponji ija inatukuka pang'onopang'ono mpaka kusalala. Mlonda wa pageti, amene ankawerenga nyuzipepala, anapinda miyendo osadzutsa mutu, ngati akupereka njira kwa munthu wodutsa.

Sabata yotsatira thanki inafika Loweruka. Bwana anasonkhanitsa madalaivala onse pabwalo, nawauza kuti atengere chitsanzo kwa a Dontho, ndipo a Donthowo anawauza kuti makiyi asabweze. Anzawo anaomba m'manja, wina n'kufuula kuti mdala aulule mankhwala ake.

A Dontho sanaseke nawo. Ntchito inali yawo ndithu, mbiri yawo inayera. Koma akazi awo anawasiya kuchipatala, ndipo palibe amene anawauza tsiku lokawatenga.