Pepala Lasiliva pa Fyuzi ya Giza la Mai Moyo

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene anandipatsa bambo oleza mtima. Akanakhala munthu wina, mwina tsiku limene ndikulembali sindikanalimba mtima kulikumbukira.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, tikukhala ku Redcliff. Fakitale ya zitsulo imene bambo anagwiramo ntchito ya zamagetsi inali itazima. Anzawo ambiri anali atachoka, ena ku Joni, ena kukakumba golide ku Shurugwi. Bambo anatsala. M'mawa uliwonse ankatsegula bokosi lawo la zipangizo, kuzipukuta, n'kulitsekanso. Ntchito sinkabwera. Anthu ankati mudhara, ndiye kuti mdala, wachiMalawi uja amadziwa zam'fakitale, zam'nyumba ayi.

Woyamba kuwayesa anali Mai Moyo, mwini saluni imene ine ndinkatsukamo tsitsi la makasitomala Loweruka lililonse. Atatopa ndi kutenthetsa madzi m'ketulo, anagula giza la gasi. Anzawo atatu, nawonso eni masaluni, ananena kuti likayenda bwino aitana bambo. Kunyumba tinapemphera pa ntchito imeneyi sabata yathunthu, mayi anga mpaka kusala kudya.

Madzi a pasaluni ankachokera m'thanki, ndipo ankatuluka mofooka. Giza la gasi siliyaka madzi akamayenda choncho, ndiye pankafunika pampu. Bambo anawauza Mai Moyo kuti agule yaing'ono. Iwo anabwera ndi yaikulu, ati chachikulu ndiye chabwino. Bambo anang'ung'udza, koma anati aiyese.

Lachisanu masana, ine ndili pomwepo, anatsegula mpopi. Pampu inalira, lawi linayaka m'giza, kenako thi! zonse zii. Bambo anachotsa chivundikiro n'kundionetsa kabolodi kobiriwira, kosaposa chikhatho changa, ndi kafyuzi kagalasi kamene kanali katada mkati.

"Kabolodi aka ndiye mutu wa giza," anatero. "Kamatsegula gasi, kamayatsa lawi, kamauza pampu kuti iyambe. Ntchito yake ndi kulamula, osati kusenza. Pampu iyi ikukoka magetsi ambiri kudzera m'menemu. Mawa ndikagula rileyi ku Gweru. Imeneyo imamva lamulo la kabolodi, n'kusenza yokha magetsi a pampu. Mpaka ndibwere, pasapezeke wogwira."

Loweruka kunacha ndi chisanu cha mu Juni, chija chopweteka zala. Bambo anakwera kombi, minibasi yoyamba yopita ku Gweru. Cha m'ma eyiti koloko m'saluni munalowa mkwatibwi ndi aperekezi ake asanu ndi mmodzi, ukwati uli masana omwewo. Ketulo inali imodzi. Ndinkathira madzi ofunda pang'ono pamutu wa mkwatibwi, iye akunjenjemera m'kathaulo, azakhali ake akuyang'ana wotchi.

"Baba vako vatinyadzisa, Estere," anatero Mai Moyo. "Bambo ako atichititsa manyazi pamaso pa anthu. Iwe si mwana wa wamagetsi? Chita kanthu!"

Azakhali aja anaseka. "Awa ndi aja am'fakitale? Ng'anjo anazimitsa, lero azimitsanso giza."

Onse anafa nalo phwete. Ine magazi anawira. Bambo anga sanazimitse ng'anjo ya munthu. Analowa ntchito tsiku lililonse mpaka pamene zipata zinatsekedwa.

Kwathu kumalokeshoni aliyense ankadziwa mankhwala a fyuzi yopsa: kuikulunga ndi pepala lasiliva la m'paketi ya ndudu kapena la chingamu. Mawailesi, maayironi ndi maketulo a nyumba zambiri ankayendera pomwepo. Ndinapempha chingamu kwa mperekezi wina, ndinazula pulagi, ndinakulunga kafyuzi kaja bwinobwino n'kukabwezera.

Madzi anatuluka akuchita nthunzi. Azakhali aja anaimba nthungululu. "Mwana waposa bambo ake!" Ndinatsuka mutu woyamba, wachiwiri, ndikunyadira. Pa wachitatu panamveka kafungo ka chinthu chopsa, koma m'saluni fungo lotere silidabwitsa munthu. Tinkangoti wina watentha tsitsi. Tinazindikira utsi utayamba kutuluka m'mbali mwa chivundikiro. Pampu inasiya kulira. Madzi anazizira m'manja mwanga.

Bambo anafika dzuwa lili pamutu, rileyi ili m'kapepala m'thumba la jekete. Atatsegula giza, kabolodi kaja kanali katapsa pakona, timawaya take titasungunuka. Anatola kafyuzi ndi zala ziwiri, siliva akunyezimira.

"Ntchito yanu ndi imeneyi, vaPhiri!" anakuwa Mai Moyo. "Giza latsopano!"

Ndinadikira kuti anene kuti ndi iwo anandikakamiza. Anangopinda manja.

"Ndine, bambo," ndinatero.

Bambo sanandiyang'ane. Anavula kapu n'kunena, "Ndikanachotsa chingwe chonse n'kupita nacho ku Gweru. Kulakwa ndi kwanga, mai."

Mai Moyo anati bambo atenge zipangizo zawo, aitana munthu wa ku Kwekwe.

Panjira ndinkalira ndi ukali. Ndinakwiyira Mai Moyo, azakhali aja, pampu, ngakhale bambo chifukwa chovula kapu.

"Kafyuzi kaja sikanalakwe, mwanawe," anatero bambo titayenda kanthawi. "Kanapangidwa koonda dala. Magetsi akachuluka, kamalola kupsa kuti kabolodi kapulumuke. Kanatiuza kuti pali vuto, iwe n'kukatseka pakamwa."

"Koma amakusekani, bambo!"

"Akanaseka mpaka masana, n'kusiya."

Amayi atatu aja sanaitane. Nkhani inayenda kuti aPhiri amaotcha magiza, ndipo palibe amene anawonjezera za mwana ndi chingamu. Chaka chisanathe bambo anapita kukalondera pafamu ina kufupi ndi Kwekwe. Rileyi ija sinalumikizidwe kulikonse. Mpaka lero zimandipwetekabe kuti munthu amene anadziwa chochita ndiye anataya dzina, pamene ife osadziwa tinaimbiridwa nthungululu.

Zaka zapita, ndipo ndaona kuti kuletsa kwa Mulungu kawirikawiri kumabwera kochepa ngati kafyuzi kaja: mtima kugunda pang'ono, khomo kukana kutseguka, mawu a munthu wamkulu akuti dikira. Ine ndimafulumirabe kufunafuna pepala lasiliva, makamaka anthu akamaseka. Ndaonanso kuti pamene bambo anavula kapu, anaima pakati pa ine ndi mkwiyo umene unali wanga. Uthenga wa mtanda ndinali nditaumva kuyambira ku Sande sukulu, koma ndinayamba kuumvetsa pakhomo pa saluni.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akupatseni mtima wodikira pamene akuletsani, akutsekeni makutu ku kuseka kwa anthu, ndipo tsiku limene mudzalakwa asakusowetseni woima m'malo mwanu. Mtendere wake ukhale m'nyumba zanu. Ameni.