Mizere ya Tirigu Imene Ndinazula

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndi bodza. Inali nthawi ya Chitaganya, nditangofika ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Dowa, ndikukhala kwa amalume ku Ching'ambo. Kumunda wa boma woyesera mbewu ankafuna munthu wodziwa kuwerenga. Kapitawo, a Gondwe, atandifunsa ndinavomera, chonsecho sindinkadziwa ngakhale chilembo chimodzi.

Tinkalima tirigu wamitundumitundu, mtundu uliwonse mzere wake ndi chikhomo chake. Bwana wachizungu ankachotsa timaluwa tachimuna pangala ndi kambaniro, kuthirapo ufa wa maluwa a mtundu wina, n'kuveka ngalayo kathumba kapepala. Ankafunafuna tirigu wosagwidwa chiwawu, matenda aja osiya fumbi lofiira pamasamba. Zanga zinali khasu ndi keni yothirira.

Loweruka lina anandisiya ndekha. Ndinaona mizere ya m'mphepete itayamba kufiira, yam'kati ikadali yobiriwira. Mtima sunakhazikike. Kwathu mbewu yodwala timazula isanapatsire inzake. Panali kathabwa kolembedwa, ndinakalambalala. Ndinazula mizere yonseyo n'kuitentha, ndikuyembekezera kuyamikiridwa.

Lolemba a Gondwe anaima paphulusapo nthawi yaitali. Anandifotokozera motsitsa mawu kuti mizereyo anaidwalitsa dala kuti ipatsire inayo, aone mtundu wopirira. Popanda matenda, chaka chonse chapita pachabe. Anandilozera kathabwa kaja.

"Werenga apa, mwana wanga."

Ndinangoyang'ana pansi. Pamenepo anazindikira. Panalembedwa kuti osazula.

Bwana atafika, nkhope ili psu, anafunsa amene wachita zimenezi. A Gondwe anavula chipewa nati ndiwo anandituma. Anawachotsa ntchito tsiku lomwelo, bambo wa ana asanu. Ndinawanyamulira kabokosi kawo mpaka pamsewu wa ku Msongwe. Panjira anati cholakwa chinali chawo pondilemba osandiyesa. Sindinawatsutse. Polandira kabokosiko anangondithokoza m'chinenero chakwawo nati, "Yewo chomene. Ukayambe sukulu."

Ndinayamba, koma patatha zaka makumi awiri, kusukulu ya kwacha, imvi zitayamba kale. Nditadziwa kugwira cholembera, kalata yoyamba ndinalembera iwo. Inabwerera yosatsegula. Anali atamwalira.

Kalatayo ili m'sutikesi, ndimaitulutsa n'kuibwezeramo. Mpaka lero sindidutsa chikwangwani osachiwerenga, ngakhale cha pachimbudzi, ndipo chimene sindikuchidziwa ndimanena kuti sindikuchidziwa ndisanagwire khasu.