A Matope Alowa M'damu

Dzina loti a Matope analipata kalekale, moti ngakhale akazi awo ankawaitana choncho akapsa mtima. Ntchito yawo inali yotsegula ndi kutseka geti la madzi pa damu la mthirira. Zaka makumi awiri ndi zitatu ali pamadzi, koma kusambira sankadziwa, ndipo anthu ankawaseka nazo. M'bwato ankakhala atagwira m'mbali ndi manja onse awiri, nkhope ili gwaa ngati akupita kukazulitsa dzino.

Komabe chaka chilichonse, mvula ikatha damu litadzaza, ankakweramo m'bwatomo, alamu awo akupalasa. Ankazika nsungwi yaitali m'madzi mpaka igunde pansi, kenako n'kudula kamzere ndi mpeni pomwe madzi alekeza. M'kanyumba ka pageti, momwe munali mpando umodzi, sipanala yaikulu ndi kalendala yakalekale, nsungwiyo inkagona pamisomali iwiri. Timizere take tinkatsika chaka ndi chaka. Mvula inkakokolola dothi la m'minda ya kumtunda n'kudzalitula m'damu, ndipo pansi pa damu pankakwera mwakachetechete.

Tsoka lake, anthu ankangoyang'ana manambala olembedwa pakhoma la damu. Madzi akafika pa nambala ya pamwamba, basi, damu ladzaza. Chaka chimenecho anafikadi, ndipo a komiti anaganiza zotsegula minda yatsopano khumi ndi iwiri. A Matope zinawapweteka mumtima. Munda wa akazi awo unali kumapeto kwenikweni kwa ngalande, ndipo madzi akachepa, woyamba kuuma ukanakhala umenewo, anyezi ndi tomato yemwe.

Msonkhano unachitikira m'mbali mwa damu, chakumtunda. A Matope anabwera ndi nsungwi yawo paphewa.

"A tcheya, madziwa akutinamiza," anatero. "Theka la damuli ndi matope okhaokha."

"Inu a Matope, maso tili nawo," anayankha a tcheya akuloza khoma. "Kapena manambala mwaiwala kuwerenga? Kandodo kanuko kapumeko lero."

Anthu anafa nacho chiseko. A Matope anavula chipewa, n'kupatsa akazi awo, n'kuyamba kulowa m'madzi ndi ovolosi yomwe. Pamalo amenewo, damu lili latsopano, nsungwi yonse inkamira osagunda pansi, ndipo achikulire onse ankakumbukira zimenezo.

"Bambo, mwapenga kodi?" anakuwa akazi awo. "Bwererani! Simudziwa kusambira inu!"

Iwo anangopitirira. Madzi anafika m'mawondo, iwo osaima. Anafika m'chiuno, iwo akuyendabe. Atafika pakati penipeni, pomwe ankadutsa ndi bwato atatsinzina, anaima n'kutembenuka. Madzi anali asanafike n'komwe pachifuwa.

"A tcheya," anaitana a Matope, "madzi a minda khumi ndi iwiri aja ndi amenewa. Ndaimamo ine."

Atafuna kubwerera, miyendo inakana. Matope anali atawagwira zolimba. Alamu awo ndi amuna ena atatu anapita ndi bwato n'kukawazula, jombo imodzi n'kutsala komweko.

Za minda yatsopano zinathera pomwepo. A tcheya, akukanda kumutu, anati aitane injiniya wa zamthirira adzaone nsungwiyo, ndipo a minda ya kumtunda ayambe kudzala udzu wotchinga dothi. Tsopano aliyense ankafuna kuigwira nsungwi ija, kuwerenga timizere ndi chala, ngati si omwe aja ankaiseka.

Akazi awo a Matope zonsezo sanazimve. Anali kalikiliki kuwapukuta kumaso ndi mpango wawo, akulira ndi kukalipa nthawi imodzi.

"Anyezi n'chiyani, a Matope inu? Mukanamira, ine ndikanatani?"

A Matope anayang'ana damu lawo, mano akugundana, ndipo nawonso misozi inalengeza.

"Ndikanamira pati, mayi? Mulibenso pomira mmenemu."