Tayifodi yomwe ndinadzilimira ndekha

Chizindikiro choyamba chinali mutu. Unayamba Lolemba lina m'mwezi wa Okutobala ndikuthirira dimba kuseri kwa nyumba yathu ku Dambwa, ndipo ndinati ndi dzuwa, poti mwezi umenewo kuno ku Livingstone ngakhale buluzi amafuna mthunzi. Lachitatu thupi linatentha, chakudya chinayamba kundinyansa. Sindinauze munthu, ndipo chifukwa chake ndiyenera kuchifotokoza ngakhale chili chamanyazi.

Ndinaphunzitsa sayansi kusekondale mpaka kupuma pantchito. Nditapuma, mwana wanga Tisa anandigulira foni yaikulu, ndipo pafonipo ndinapeza azungu ophunzitsa mmene munthu angakhalire chitukuko chonse chikadzagwa. Chaka chimenecho mvula inavuta, malaiti ankazima tsiku lonse, ndipo mumpope munkatuluka mphepo yokha. Ndinaona kuti zimene azunguwo akudikira, kwathu zafika kale. Choyamba kufa m'nyumba mwathu chinali chimbudzi chamadzi. Choncho ndinamanga kachisakasa ka malata kuseri, n'kuikamo thabwa lobooka ndi ndowa kunsi kwake. Munthu akamaliza ankathira utuchi womwe ndinkapempha kwa akalipentala. Ndowa ikadzaza ndinkaikhuthulira m'dzenje kuti zisanduke manyowa.

Azungu aja ananena momveka kuti dzenjelo likhale chitsekere chaka chathunthu. Ine ndinati chaka ndi cha kwawo kozizira. Ndi dzuwa la kuno milungu isanu yakwana. Ndinafukula n'kuthira mu repu ndi m'matimati. Kunena zoona, matimati onona ngati amenewo sindinawaonepo.

Akazi anga, amake Tisa, anakana kulawa. Ndiwo zawo ankagula kumsika n'kuphikira m'poto wina, ndipo mbale yanga anaiika chizindikiro ndi penti ya m'zikhadabo. Ine pofuna kuwaonetsa kuti sayansi siinama, ndinkathyola litimati, kulipukuta pamalaya n'kulidya pomwepo iwo akuona. N'chifukwa chake nditadwala ndinasunga pakamwa. Kuvomera kudwala kunali kuvomera kuti iwo ananena zoona.

Ndinadzichiza ndekha, poganiza kuti dziko likadzatha zipatala sizidzakhalako, ndiye bola kuzolowereratu. Ndinasinja makala n'kumwa. Ndinawiritsa masamba a gwafa. Mlungu wachiwiri m'mimba munatseguka, lilime linayera, ndipo lamba anafuna bowo latsopano. Loweruka ndinapita kuchisakasa kasanu ndi kawiri dzuwa lisanafike pamutu, ndipo ulendo womaliza miyendo inakana kundidzutsa. Amake Tisa anandipeza nditatsamira malata, ndikukalipira ana asukulu omwe panalibe. Anaitana mnansi wathu, ba Hamoonga, amene amayendetsa takisi. Poti galimoto siifika kuseri, ananditengera kumsewu pa wilibala yomwe ndinkatutira manyowa.

Kukiliniki anandiyeza malungo, sanawapeze, ndipo anandilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu. Kumeneko tinadikira pabenchi maola atatu. Anandiyeza kutentha kwa thupi, kuthamanga kwa magazi ndi sikelo. Nesi amene anatilandira anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Ah, ba ticha! Ndimwe? Mwadya chani kansi?"

Ndinayankha kuti zamasamba. Amake Tisa anamaliza yankholo, kuyambira pa ndowa mpaka pa malaya opukutira, ndi mawu oti benchi yonse imve. Nesiyo anaika cholembera pansi.

"Ba ticha, si ndimwe munatiphunzitsa za majemusi mu Giredi 9? Munanichaya na rula pa topiki yamene iyi."

Anandigoneka ku wodi ya amuna n'kundiika dilipi. Anatenga magazi, kenako anandipatsa kabotolo kuti ndiikemo chimbudzi chochepa, chokwana pamutu pa machesi. Ine amene ndinakhala ndikutolera katundu ameneyu m'ndowa kwa miyezi isanu ndi umodzi ndinalephera kupereka mpaka m'mawa mwake.

Zotsatira zinatuluka patatha masiku atatu. Inali tayifodi. Dokotala, mtsikana wamsinkhu wa Tisa, sanaseke. Anati matendawa akakhalitsa amaboola matumbo, ndipo ndikanachedwa masiku ena ochepa bwenzi akundipanga opaleshoni, mwinanso osandipulumutsa. Amake Tisa, amene anali atandinyoza njira yonse, anatuluka panja, ndipo pobwera maso awo anali ofiira.

Ndinakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi. M'mawa ankatidzutsa kuti akolope, kenako jakisoni, kenako madokotala ankazungulira bedi ndi bedi ali ndi ophunzira awo. Pa ine ankakhalitsa, ndipo ndinazindikira kuti ndasanduka phunziro. Bedi loyandikana nalo panali mkulu wina wosema ziboliboli ku Mukuni, amene anadzitema phazi ndi nkhwangwa. Anandipatsa dzina loti ba Manyowa, ndipo pofika tsiku lachitatu ngakhale ogawa phala ankandiitana choncho.

Tsiku lachisanu, mutu utayamba kuyera, ndinakumbukira chinthu china choopsa. Mlungu womwe ndinayamba kudwala ndinali nditapereka beseni la matimati kwa ba Hamoonga, amene ali ndi ana aang'ono atatu. Ndinafunsa amake Tisa za besenilo. Anapitiriza kusenda lalanje n'kundiuza kuti tsiku lomwe ndinaperekalo anapita kukalitenga besenilo, nawagulira anansiwo matimati ena kumsika. Ndinatembenukira kukhoma. Sindikudziwa kuti ndikanawayang'ana bwanji makolo a anawo.

Nditatuluka, kunyumba kunabwera wazaumoyo wochokera kukiliniki. Ndinkayembekezera kuti agwetsa chisakasa changa, koma anati ganizolo si loipa, choipa ndi phuma. Anati maenje akhale awiri, kuti lina likamadzaza lina lizipuma chaka kapena kupitirira, ndizithira phulusa, ndipo manyowawo azipita ku mitengo ya zipatso, osati ku ndiwo zodya zosaphika. Pakhomo pa chisakasacho anati pasasowe sopo ndi madzi. Repu ndi matimati onse tinazula n'kukwirira.

Mapiritsi ndinamwa mpaka kumaliza, ndipo nditabwerera kukayezetsanso anapeza kuti ndachira. Mphamvu zinabwerera pang'onopang'ono. Panatenga miyezi iwiri kuti ndiyende wapansi kuchoka kunyumba mpaka mumsewu wa Mosi-oa-Tunya osapumira panjira. Lero ndili bwino, ndimadya ngati kale. Dzenje loyamba ndi lotseka, pamwamba pali mwala waukulu, ndipo mbande za mapapaya zikudikira nthawi yake.

Kwa amene mukuwerenga, makamaka amuna anzanga ophunzira: thupi likatentha masiku awiri kapena atatu, m'mimba mukatseguka, musasinje makala ndipo musabisire a kunyumba. Pitani mukayezetse mukadali ndi mphamvu zoyenda ndi miyendo yanu. Za mmene tidzakhalire zipatala zikadzatha tidzaziona nthawi yake. Panopa zilipo, ndipo kiliniki imatsegula m'mawa uliwonse.