Matumbo a Mbuzi ya Atcheyamani

Matumbo a mbuzi ndi chingwe chimodzi, koma kwathu ku Magodi ngakhale mwana ankadziwa kuti mkati mwake si mofanana. Kumtunda, pafupi ndi chifu, ndi kofewa ngati thaulo. Pakati ndi popyapyala. Kumunsi ndi kokhuthala, ndipo fungo lake silimva madzi. Atate ankati ngakhale mbuzi itsegule m'mimba mpaka mkati monse mupalike, ikamachira gawo lililonse limamera monga linalili, la kumunsi silisanduka la kumtunda. N'chifukwa chake kumunsiko tinkatsuka padera, m'beseni lakelake, ndi mchere wambiri.

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, sankadziwa zimenezi. Anali mwana wa ku Lusaka, wozolowera nyama ya kubutchala. Amayi sankamufuna, ankangodikira chifukwa choti amubwezere kwawo. Ine ndisaname, ndinkadana naye chifukwa cha nsapato zake basi.

Tsiku lina kunabwera atcheyamani a chipani kudzaona amene analibe makadi. Atate anapha mbuzi kuti mlendoyo asafunse zambiri pakhomo pathu. Matumbo amayi anapatsa mlamu.

Mlamuyo anandinong'oneza kuseri kwa nkhokwe. "Mlamu, niuzeniko, nitsuka bwanji?"

"Dulani cabe, muike pamodzi. Ni nyama imodzi," ndinatero.

"Yewo chomene," anandithokoza m'Chitumbuka chake chophunzira dzulodzulo. Ndinaima pomwepo, manja m'chiuno, mpaka anadula zonse m'beseni limodzi.

Atcheyamani analuma kamodzi n'kulavulira pansi. "Ndiye mwamene mulandilila boma pano?" Atate, munthu wa imvi, anagwada m'fumbi kupepesa. Amayi ananyamula mbale ija n'kukaiika pamiyendo pa mlamu, anthu onse akuona.

"Idya. Yonse."

Anadya, misozi ikugwera mumsuzi. Ine ndinkangodikira kuti anditchule. Sananditchule, ndipo ndinakondwa. Inde, ndinakondwa.

Loweruka lake achimwene anamukweza panjinga kukamusiya pokwerera basi ku boma. Anali ndi pakati. Sanabwerenso.

Mwana wakeyo ndinamuona koyamba pamaliro a achimwene, ali mayi kale, wake ali kumsana. Anandifunafuna m'chigulu cha azimayi, n'kundigwadira, n'kundigwira manja onse awiri.

"Azakhali, amama asanamwalile anali kukamba za imwe. Akuti pamudzi pano ndimwe mwekha munali kuwathandiza."