Makaka a Apongozi

Nditayamba uphunzitsi ku Phalombe, ndinagula sutikesi yolimba gwa, yonyezimira. Amuna anga anati ndigule chikwama chansalu poti chimafutukuka katundu akachuluka, koma ine ndinkafuna kuti kwawo ku Nazombe aone kuti mwana wawo anakwatira mayi wapantchito.

Ndinapitako ndekha patchuthi. Tsiku lobwerera apongozi anandipatsa makaka, chinangwa chouma chimene anayanika okha. Tinayesa kuwalongedza m'sutikesi, ine mpaka kukhalira chivindikiro, koma sinatsekeke. Apongozi anamasula chitenje chawo chapamwamba, cha maluwa achikasu, n'kumangamo makakawo. Anandisenzera mpaka kumsewu, n'kubwerera.

Nditatsala ndekha ndinayang'ana sutikesi yanga ndi nsapato zanga, kenako phukusi lija. Matola asanafike ndinalikankhira m'munda wa nandolo wa m'mbali mwa msewu. Ndinadziuza kuti wina wanjala alitola.

Pa Khirisimasi ndinapitanso. Apongozi anandiyalira mkeka, tinalonjerana, ndipo anafunsa, "Makaka aja munafika nawo bwino, mayi?"

"Bwinobwino. Anatikomera kwambiri," ndinayankha osaphethira n'komwe.

"Chabwino," anatero, akukonza chitenje m'chiuno mwawo.

Apo m'pamene ndinachiona. Maluwa achikasu omwe aja. Ndinalakalaka mkekawo utandikulunga.

Za makakawo sanauze ngakhale mwana wawo. Sutikesi ija ilipobe mpaka lero, yosang'aluka ndi pang'ono pomwe, koma ndikaiona nkhope imandiotcha. Pondiperekeza ulendo umenewo, apongozi anandipatsa nthochi ziwiri zokha.

"Izi sizikuvutitsani," anatero. "Mudya musanafike kumsewu."